Kodi tisamukire ku Aberdeen ndi ana?

Mayi wa ana awiri:
Amuna anga apeza ntchito ya unesi ku Aberdeen, kumpoto kwa Scotland, ndipo akufuna kuti tipitire limodzi, koma nkhawa yanga ili pa anawa, omwe sadziwa kuzizira koposa kwa ku Dedza. Inu amene mukukhala kumeneko, tiuzeni zoona.

Bambo wokhala ku Aberdeen:
Mayi, chimene chinandivuta ine si chisanu ayi, koma mdima, chifukwa mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, moti ana amafika kunyumba pochokera kusukulu kunja kutayamba kale kuda.

Mayi wina:
Musanavomere, amayi anzanga, mufunse mtengo wotenthetsera nyumba, pakuti nyumba zakale zamiyala zimadya ndalama zambiri m'nyengo yozizira. Za ana musadandaule kwambiri, chifukwa anga anazolowera msanga kuposa ine.