Kompyuta ija yayamba kudzuka

Sabata yatha ndinafunsa za kompyuta yanga yakale imene ikagona pa sleep (kupumula osazimitsidwa) siidzukanso: fani imazungulira koma sikirini ili bii, mpaka nditaizimitsa ndi batani. Zikomo nonse amene munandipatsa maganizo.

Ndinayamba ndi batire ya CR2032 ya pa motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta), poti nthawi inkasokonekera magetsi akathima. Nthawi inakhala bwino, koma tulo tija ayi. RAM (yosunga zimene kompyuta ikugwira pa nthawiyo) ndinaipukuta, fumbi linali tho, osathandizabe.

Kani vuto linali mu power supply, bokosi lopereka magetsi ku zipangizo za mu kompyuta. Mnzanga wokonza mawailesi ataitsegula (inuyo musayerekeze, imasunga moto ngakhale mutaizula), tinapeza makapasita (tizipangizo tosunga magetsi) awiri atatupa ngati mandasi. Kompyuta ikagona, RAM imadalira 5V ya standby (magetsi ochepa amene sazima kompyuta ikagona) yochokera mu power supply. Ndagula power supply ina, ndipo lero ndi tsiku lachinayi kompyuta ikudzuka ndikangogwedeza mausi.