Zitini zandichititsa manyazi ku Std 6, a PEA akubwera Lachinayi

Madamu a Std 6:
Anzanga thandizeni msanga, mutu waima. Lero ndinati ana asamangomva za force ndi motion (mphamvu ndi kuyenda kwa zinthu) pakamwa, achite okha. Ana 108, magulu 9, gulu lililonse thabwa limodzi, njerwa ziwiri zotsamiritsapo thabwalo, zitini ziwiri za mkaka zogubuduza pa thabwapo, china chopanda kanthu china chamchenga. Funso pa bolodi: cholemera ndi chopepuka, chiyambe kufika pansi ndi chiti? Ine mumtima ndimati zifika limodzi, si ndi zomwe tinaphunzira tonse? Eee! Magulu asanu akuti chamchenga chapambana, atatu akuti chopanda kanthu, gulu limodzi chitini chamchenga chaima pakati pa thabwa ngati achilodza. Stopwatch ndi ya pa foni yanga yokha, ndisanafike gulu lachinayi belu lalira. Mwana wina akuti "ndiye tilembe chiyani madamu?" ine kukamwa yasa. A PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, akubwera Lachinayi kudzaonerera phunziro lomweli, lili kale mu sikimu. Ndalakwitsa pati?

Sala wa ku Jali:
Mwalakwitsa potulutsa zitinizo madamu. Jambulani thabwa pa bolodi, lembani manotsi, ana akopere. Pa PSLCE, mayeso omaliza pulayimale, palibe mwana adzapatsidwe chitini. MANEB imafunsa pa pepala, mwana amayankha pa pepala.

Wa IPTE:
Koma akulu, ku koleji ya uphunzitsi, pa maphunziro athu a IPTE, amatiuza tsiku ndi tsiku za TALULAR, kuphunzitsa ndi zipangizo zopezeka pafupi. A PEA akapeza choko chokhachokha si ndiye kulemba zoipa?

Gogo Sayansi, Domasi:
Mwanawe, ana ako sanalakwitse, ndipo magulu onse 9 anena zoona. Ndikufunse: mchengawo unathira ndiwe kapena anathira okha? Ndikukhulupirira ena anadzaza mpaka pakamwa n'kutsindira, ena anathira theka. Chitini chodzaza thi chimagubuduka ngati chinthu chimodzi ndipo chimapambana chopanda kanthu, osati chifukwa cholemera ayi, koma chifukwa chopanda kanthucho kulemera kwake konse kuli m'mbali, ndiye mphamvu yambiri imathera pochizungulitsa. Chatheka chija mchenga umakhuthukira mkati n'kumakhuzana, umadya liwiro, thabwa likakhala losatsetsereka kwambiri chimaima kumene. Zoti cholemera ndi chopepuka zimafika limodzi ndi za zinthu zogwa, monga anachitira David Scott pa mwezi mu 1971 pogwetsa hamala ndi nthenga, kopanda mpweya. Kugubuduka ndi nkhani ina. Funso la kulemerali lisiye kaye, ndi msampha, linandigwirapo ine ndili ndi zaka khumi pantchito.

Madamu a Std 6:
Anathira okha gogo. Ena mchenga wonyowa wa ku Likangala, ena wouma wa pabwalo. Mayo ine. Ndiye Lachinayi ndichite chiyani?

Gogo Sayansi, Domasi:
Sintha chinthu chimodzi chokha. Chogubuduza chikhale chomwecho, thabwa lomwelo, simenti yomweyo. Chosintha ndi njerwa: imodzi, ziwiri, zitatu. Ndipo foni ibwerere m'chikwama. Pa thabwa la mita imodzi chinthu chimafika pansi pa sekondi imodzi kapena ziwiri, chala cha munthu chimachedwa kudina, manambala ake ndi bodza lokhalokha. Ana ayeze mtunda umene chayenda pansi chitachoka pa thabwa, aike chizindikiro ndi choko pamene chaima, ayeze ndi rula kapena chingwe. Katatu pa njerwa iliyonse. Asanagubuduze alembe kaye zomwe akuganiza kuti zichitika, ndiye prediction imeneyo. Asamakankhe, agwire ndi rula kutsogolo n'kungochotsa rulayo.

Wa ku Thondwe:
Za kukankhazo zoona. Anyamata akangomva kuti pali kupambana basi yasanduka ligi. Ine chaka chatha ndinagwiritsa mabatire akutha a tochi, amagubuduka mowongoka kuposa zitini. Koma chenjerani, lina linali lotumbuka, mwana analiboola n'kudzipaka zakuda zija kumaso. Ndinathamanga naye ku mjigo ngati wamisala. Sankhani osatumbuka, muwawerenge popereka ndi polandira.

Sala wa ku Jali:
Mwaona? Mabatire kumaso. Piriyodi ndi mphindi 35, kugawa matabwa kokha mphindi 15. Manotsi savulaza mwana.

Amayi a ku Songani:
Inu za mabatire n'zochepa. Ine ndinati tiphunzire push ndi pull ndi malegeni, poti mnyamata aliyense ali nayo m'thumba. Ndinanena bwinobwino kuti tiponya mapepala okulunga. Ndangotembenuka kulemba deti, mwala phaa pa chipumi cha mtsikana. M'mawa mwake bambo ake anafika atakwera kabaza, ahedi anandisiya ndekha mu ofesi ati akukaona phala. Mpaka lero bamboyo tikakumana pamsika sandiyankha moni. Chilichonse chouluka musayerekeze, achemwali.

Wa IPTE:
Nanga pendulum? Mwala wolendewera pa ulusi basi. Wa mita imodzi kupita ndi kubwera ndi pafupifupi masekondi awiri, wa masentimita 25 sekondi imodzi. Muwerenge maulendo 10, foni imodzi ikukwanira kalasi yonse, inu mungonena kuti yambani, lekani. Ndipo pamenepo kulemera kwa mwala sikusintha nthawi, ndiye funso lanu lija la cholemera ndi chopepuka likuyankhika bwino.

Wa ku Thondwe:
Mwala womanga pa ulusi m'manja mwa ana 108? Mwana wa IPTE iwe, sunaone. Pakutha pa mphindi zisanu aliyense akuzungulitsa pamwamba pa mutu. Ngati n'kutero mangani umodzi ku phaso, mugwire nokha.

Gogo Sayansi, Domasi:
Umodzi wa ku phaso ndi wabwino, koma ndi phunziro lina, osaphatikiza tsiku limodzi. Ukafunitsitsa kuyeza nthawi, Galileo analibenso stopwatch. Ankagubuduza kampira kachitsulo pa thabwa lalitali lokhala ndi ngalande, nthawi n'kumayeza ndi madzi otuluka pa kabowo ka chidebe, kenako n'kuyeza kulemera kwa madziwo. Botolo la pulasitiki loboola ndi msomali limagwira ntchito yomweyo. Ndinayesapo kamodzi. Kamodzi kokha, chifukwa makope onse a mzere wakutsogolo ananyowa ndipo simenti itanyowa mtunda unasinthanso.

Amayi a ku Songani:
Simentiyonso muione. Kalasi yanga ili ndi maenje ngati msewu wa dzinja, gulu la pakhomo ndi gulu la pakona sangapeze zofanana. Chitirani pakhonde ngati ndi losalala. Panja pa dothi chinthu sichiyenda n'komwe.

Gogo Sayansi, Domasi:
Osafananitsa gulu ndi gulu, gulu lililonse lidzifananitse lokha. Zoti pakhonde chikupita patali kuposa pa dothi usunge, ndiyo friction, kukhuzana kuja, ya sabata yamawa, yabwera yokha.

Sala wa ku Jali:
Ine ndaphunzitsa kuyambira 1994 pamene pulayimale inakhala yaulere, ana 150 pansi pa mtengo wa mango, ndipo anasankhidwa. Popanda chitini. Funso likabwera lidzati define friction. Mwana wogubuduza batire adzalemba chiyani?

Wa IPTE:
Adzalemba zomwe anaona akulu.

Sala wa ku Jali:
M'Chingerezi? Mwana wa Std 6 amene Chingerezi wayamba kuphunziriramo chaka chatha? Manotsi madamu, ndanena.

Madamu a Std 6:
Matabwawonso ndi vuto, ndinachotsa ku madesiki othyoka ndipo ena ndi opindika, ena ali ndi misomali. Owongoka alipo anayi okha. Magulu anayi a ana 27? Ndiye ogwira ndi atatu, ena onse akungocheza.

Wa ku Thondwe:
Misomali muzule lero, osati Lachinayi m'mawa. Ndipo ahedi adziwe kuti mwatenga, kwathu anandiwerengera ngati ndaba zipangizo za sukulu, nkhani mpaka ku komiti.

Amayi a ku Songani:
Inu muli ndi madesiki oti n'kuthyoka? Ife Std 6 imakhala pansi chiyambire teremu yoyamba. Paja amene anapita ku TDC, kokumanira aphunzitsi kuja, sabata yatha, za maphunziro a Loweruka anati ziliko kapena asinthanso?

Wa ku Thondwe:
Ziliko, 8 koloko. Mubwere ndi sikimu, akuti adzaziona.