Makina opalira matabwa andibwezera thabwa pamimba, amisiri ndithandizeni

Moni amisiri nonse a pagulu pano. Ndili ku Ulónguè, ku Angónia, ndimakhoma zitseko, mafelemu ndi mabedi. Zaka zonsezi ndakhala ndikupala pamanja, koma mwezi watha ndinagula makina akale kwa munthu wina ku Moatize, aja a ntchito ziwiri: pamwamba amawongola thabwa, pansi amalichepetsa kuti kunenepa kwake kufanane. Mwiniwake ankawatchula kuti garlopa. Ali ndi mipeni itatu, mota yake ndi ya magetsi a mavoti 220. Chotchingira mipeni palibe, akuti chinasowa kalekale.

Dzulo ndimapala kachidutswa ka mlombwa ka kabati, kotalika ngati chikhatho chimodzi ndi theka. Nditangokafikitsa pa mipeni kanabwerera n'kundimenya pamimba, dzanja lamanzere linapitirira lokha mpaka ndinamva mphepo ya mipeni pa zala. Sindinavulale, koma tulo sindinatione. Chikundiopsa kwambiri n'chakuti ndimagwira ndi mwana wa mlongo wanga, wa zaka 17, amene mayi ake anandipatsa kuti aphunzire ntchito. Ndinalakwitsa pati? Nanga mwanayu ndizimulola kuyandikira makinawa?

Kalipentala wa ku Dómuè: Achimwene, yamikani Mulungu. Kachidutswako kanali kakafupi, basi. Thabwa losafika masentimita 30 musamaliike pamenepo, chifukwa silikhazikika pa matebulo, mphuno yake imagwera mu mpata wa mipeni. Tizidutswa ta kabati muzipala thabwa lidakali lalitali, kudula pambuyo. Tebulo lolowera thabwa, lija mukalitsitsa mipeni imadya kwambiri, munalitsitsa bwanji?

Wofunsa: Ndinatsitsa kwambiri ndithu, mwina mamilimita 5. Ndimafuna ndithane nako kamodzi.

Kalipentala wa ku Dómuè: Eee, ndiye zifukwa ziwiri. Milimita imodzi kapena awiri akwana, makamaka pa mitengo yolimba. Kudutsitsa katatu sikupha munthu.

Mnyamata wa ku Zóbuè: Gulani magolovesi achikopa bwana, zala zitetezeke. Za chotchingirazo musadandaule, kuno tonse tinachotsa, chimachedwetsa ntchito.

Mkulu wina wa ku Tete: Mwana wanga wa ku Zóbuè, fufuta zimene walembazo usanaphetse anthu. Golovesi ikakodwa ndi mpeni imakoka dzanja lonse. Chimodzimodzi malaya a manja aatali osamanga, wotchi, ngakhale kansanza kopukutira utuchi. Ine ndikulemba pano ndi dzanja la zala zitatu. Ndinali ndi zaka zambiri pa ntchito, osati wophunzira ayi, ndipo chotchingira ndinachotsa ndekha pa chifukwa chomwe wanenachi. Linali thabwa la paini lokhala ndi mfundo, mfundoyo inathothoka, thabwa linalumpha, dzanja linatsala likukankhabe. Ululu sindinaumve pomwepo, ndinangoona magazi pa tebulo. Macheka akakudula chala nthawi zina madokotala amakhala ndi cholumikiza, koma makina awa amachisandutsa utuchi.

Inu a ku Ulónguè, werengerani nokha. Chitsulo chonyamula mipenicho pa makina ambiri otere chimazungulira ka 4,000 mpaka 5,000 pa mphindi imodzi. Mipeni itatu, ndiye kuti ikudula ka 12,000 kapena kuposa. Palibe dzanja lothamanga kuposa pamenepo.

Pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni chotchingira chonga mlatho, chokwera ndi kutsika, choti thabwa lizidutsa pansi pake manja akudutsa pamwamba. Pamene mukudikira, kokerani kwa inu chotsamira thabwa, chitsulo choimirira cha m'mbali mwa tebulo, kuti mipeni yoonekera ingokhala yolingana ndi thabwa lanu, ndipo mbali yotsala kuseri kwake muiphimbenso. Dzipangireni chokankhira: kathabwa kosalala, chogwirira pamwamba, kachidendene kumbuyo kokola thabwa. Kachidendeneko mumate ndi guluu, osakhoma misomali, kuti mpeni ukakakhudza udye mtengo wokhawokha. Zala zisalendewere kumapeto kwa thabwa, ambiri zimathera pamenepo. Thabwa likangodutsa mipeni, mphamvu yanu isamukire pa tebulo lakutsogolo, lotulukira thabwa.

Wofunsa: Pepani kwambiri bambo ndi zimene zinakuonekerani. Ndamva. Mipeni ndiye sindinaigwirepo chigulire, ikusiya timizere pa thabwa ndipo phokoso lake anthu a nyumba yoyandikana ayamba kudandaula.

Mkulu wina wa ku Tete: Ndiye kuti yabuntha, ndipo mpeni wobuntha umamenya thabwa m'malo modula, n'chifukwa chake umabweza. Zulani pulagi kaye, osangothimitsa switchi. Noletsani itatu yonse pamodzi kuti kulemera kwake kufanane, apo ayi makina amanjenjemera. Pobwezera, mpeni usatuluke pa chitsulo chake kupitirira milimita imodzi, ndipo nsonga yake ilingane ndi tebulo lakutsogolo. Ikani kamtengo kowongoka pa tebulolo, zunguzani chitsulo cha mipenicho ndi dzanja: mpeni uliwonse ukakhudze pang'ono n'kukasuntha mamilimita awiri kapena atatu, kumanja ndi kumanzere mofanana. Mabawuti mangani kuyambira pakati kupita kunja, mubwerezenso. Poyatsa koyamba imani pambali.

Wamagetsi wa ku Furancungo: Za matabwa sindilowererapo, koma funso langa ndi la switchi. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, akabwera makinawo amadzuka okha?

Wofunsa: Amadzuka okha. Sabata yatha zinachitika, mwayi panalibe munthu pafupi. Switchi yake ndi ya nyale za m'nyumba.

Wamagetsi wa ku Furancungo: Imeneyo ichoke. Pezani switchi ya contactor, ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira. Magetsi akapita imadzimasula, ndipo siyatsanso mpaka munthu adine. Taganizani mnyamata wanuyo akuchotsa utuchi ndi manja poti magetsi kulibe. Batani lofiira likhale poti bondo likhoza kufika, ndipo waya wa terra, uja wopita m'nthaka, alumikizidwe ku thupi la makina.

Mayi wa shopu ya mipando ku Dedza: Ndife a tsidya lino koma ntchito ndi imodzi. Palibe wanena za pansi pa makinawo, pochepetsera thabwa. Kumeneko kuli timano tachitsulo tolendewera polowera thabwa, ntchito yake n'kuligwira likafuna kubwerera. Pa makina akale timakhala titamatirira ndi utomoni wa paini, muone ngati tikugwa tokha mukatinyamula. Musasuzumire m'kamwamo makina akulira, ndipo musaime kumbuyo kwa thabwa. Matabwa ogula kwa ocheka pamanja amabwera ndi mchenga, ochokera pa nyumba zakale amabisa misomali, muziwatsuka ndi bulashi n'kuwayang'ana bwino. Za mwanayo, ine anyamata anga amayamba ndi kulandira matabwa kotulukira miyezi ingapo, atavala zotseka m'makutu ndi magalasi. Kukankha ayi, kufikira chotchingira chilipo ndipo inu malume ake mwaima pompo.

Mnyamata wa ku Zóbuè: Za magolovesi ndagonja, bambo. Koma chotchingira cha mlathocho, popala m'mbali mwa thabwa lalikulu la chitseko chimatchinga njira.

Mkulu wina wa ku Tete: Chimasuntha chammbali, umangosiya mpata wa kunenepa kwa thabwalo. Amene anakuphunzitsa sanakuonetse?

Wofunsa: Zikomo nonse. Makina ndazula pulagi, mipeni ndamasula, ndipo pa timano tapansi tija tinayi sitikugwa n'komwe. Mnyamata wakwiya poti ndamubwezera ku puleni ya manja, akuti anzake ku Calómuè akupala kale pa makina. Bambo a ku Tete, ngati n'kotheka jambulani chotchingira chanucho pamodzi ndi miyeso yake, wowotcherera wa kuno akuti sanachionepo.