Za madzi otengedwa m'matumbo a nsomba amene anatha mphamvu

Munthu wina anafunsa kuti: n'chifukwa chiyani madzi amene anasefedwa kuchokera m'matumbo a nsomba ankagaya mapuloteni bwino tsiku loyamba, koma patsiku lachitatu anangoti zii? Chakulakwika chachikulu chinali kupera chifu ndi matumbo pamodzi. M'chifu mumakhala pepsin, chogaya mapuloteni chimene chimagwira ntchito mu asidi wambiri, pa pH (muyeso wa asidi) 2 kapena 3. Trypsin, chogaya mapuloteni china chimene tikufuna pano, amapezeka m'matumbo ndi m'timatumba tooneka ngati zala tomwe tili pamene chifu chathera, ndipo amafuna pH ya pakati pa 8 ndi 9. Trypsin wa nsomba sapirira asidi, choncho mukasakaniza ziwalozi amayamba kufooka nthawi yomweyo.

Lekanitsani ziwalozo nsomba ikangotumbulidwa, muziike pa ayezi. Perani matumbowo mu Tris-HCl (madzi a mankhwala osunga pH kuti isasinthe) wa pH 8 wozizira, magalamu 100 m'mamililita 400, muthiremo calcium chloride wa 10 mM (mamilimolo 10 pa lita). Calcium ameneyu musamusiye, ndi amene amateteza trypsin kuti asadzigaye yekha. Zungulitsani mu centrifuge (makina ozungulitsa kuti zolemera zidikhe pansi) pa mphamvu yozungulitsa ya 10,000 g kwa mphindi 30 pa 4°C, kenako yengulani mafuta oyandama pamwamba. Akatsala, amatseka sefa.

M'madzi apamwamba otsalawo thirani mchere wa ammonium sulfate pang'onopang'ono mukutakasa, magalamu 226 pa lita, ndipo zimene zadikha mutaye. M'madzi otsalawo onjezerani magalamu 258 pa lita, ndipo zodikha zachiwirizi ndiye zosunga. Mukazisungunula, chotsani mcherewo ndi dialysis (kusefa ndi kathumba kotulutsa mchere koma kosunga mapuloteni) usiku wonse mufiriji. Mukasunga pa -20°C, gawani m'timabotolo ting'onoting'ono, chifukwa kusungunula ndi kuumitsanso mobwerezabwereza kumapha mphamvu ya trypsin.