Mayi ayamba kuiwala kwambiri, nditani?

Nachisale_BT: Abale ndithandizeni nzeru. Mayi anga ali ndi zaka 74, dzulo anateleka ketulo pambaula mopanda madzi kenako akundiitana dzina la malemu achemwali awo, ndiye kukamada amamanga zovala mu chitenje ati akupita kwawo ku Ntcheu chonsecho anachokako kalekale. Maneba ayamba kale kunong'ona zaufiti. Ndatopa ine.

Mlongo wa ku Mzuzu: Pepani achemwali. Si ufiti umenewo, zikumveka ngati dementia, matenda a mu ubongo, nthawi zambiri gwero lake ndi nthenda yotchedwa Alzheimer's. Pitani nawo kuchipatala akawayeze BP, shuga ndi mkodzo, poti matenda a mkodzo amathanso kusokoneza mutu wa munthu wamkulu. Kuno agogo tinkapita nawo kuchipatala cha St John of God, mankhwala ochiziratu dementia kulibe koma amakuuzani kasamalidwe kake.

Bambo a Tadala: Zomanga katundu madzulozo bambo anganso ankatero. Osalimbana nawo kuti kwanu ndi konkuno, amangokwiya. Ine ndinkati basi yapita tinyamuka mawa, tiyeni timwe kaye tiyi, pakutha pa kapu aiwala. Machesi ndi makiyi a geti bisani, komanso sokererani nambala yanu ya foni pa juzi yawo.

Chembere22: Manebawo auzeni kuti kunamizira munthu ufiti ndi mlandu, lamulo lake ndi la 1911. Ndipo abale anu akutani? Muzisinthana, nanunso muzigonako.

Nachisale_BT: Achimwene amangotumiza ndalama pa foni basi, ndiwaimbira usiku uno.