Kodi Nkoyenera Kulipira Netflix Chifukwa cha Filimu ya Nimona?

Mayi a ku Area 25: Moni nonse. Ana anga akundiumiriza kuti ndilipire Netflix mwezi uno n'cholinga choti aonere katuni yotchedwa Nimona. Popeza malipiro ake ndi a madola, ndipo pamwamba pake pafunikanso bandulo, ndikupempha amene anaionera andiuze ngati ndalamayo singapite pachabe.

Bambo a ku Kawale: Mayi, chimene ndikuchenjezeni n'chakuti musakagule kwa anyamata oika mafilimu m'mafulashi. Ine ndinapereka K1,500 kwa mnyamata wina mumsika, ndipo atalumbira kuti yalowa yonse ndinanyamuka. Kunyumba ana atakhala kale pamphasa, tinapeza kuti mawu akutsogola pomwe zithunzi zikutsalira, kenako filimu inaima pakati. Nditabwerera m'mawa mwake anakana kuti sanandionepo. Zimenezi zimandiwawabe mpaka lero.

Achimwene a ku Biwi: Anakuberani bambo. Kwathu kuno ndi K500 basi.

Bambo a ku Area 47: Ine kwanga timalipira Netflix mwezi uliwonse ndipo sitinadumphitsepo, ngakhale pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinaionera pa TV yaikulu, ndipo filimu za Disney ngati imeneyi sizikoma pafoni.

Aphunzitsi a ku Area 18: Pepani bambo, filimuyi si ya Disney. Inayambidwa ndi kampani ya Blue Sky Studios, imene Disney inaitseka mu 2021 ntchito isanathe. Kenako kampani ina ya mafilimu yotchedwa Annapurna inaitola, ndipo inatuluka pa Netflix mu Juni 2023, mpaka inapikisana nawo pa mphoto ya Oscar mu 2024. Nkhani yake ikuchitika mu ufumu wozingidwa ndi khoma lalitali, mmene asilikali ovala zachitsulo ngati akalekale akukhala pakati pa magalimoto ouluka, ndipo anthu akhala zaka 1,000 akuopa zilombo zimene sanazionepo. Msilikali wina dzina lake Ballister akunamiziridwa kuti wapha mfumukazi, ndipo amene akumuthandiza ndi Nimona, mtsikana wotha kusanduka chipembere, namgumi kapena nyama ina iliyonse. Ana amaseka kwambiri pamene akusandukasanduka, koma ine chinandikhudza ndi mmene ufumu wonse ukumudera mwanayu usanamve n'komwe mbali yake. Ndikuona kuti ndalama ya mwezi umodzi ndi yoyenera.

Mayi a ku Chinsapo: Aphunzitsi mwasiya mfundo imene kholo liyenera kudziwa lisanalipire. Ballister ali pachibwenzi ndi mwamuna mnzake, komanso chakumapeto kuli gawo lachisoni kwambiri limene lingasautse mwana wamng'ono. Mayi ayambe aionera okha, kenako asankhe.

Achimwene a ku Biwi: Nanga bwanji osangopita ndi ana kwa m'bale amene ali nayo kale Netflix? Mungowononga ya minibasi yokha.

Mayi a ku Area 25: Zikomo nonse, koma palibe amene wandiuza kuti filimu ya pafupifupi mphindi 100 imadya bandulo yochuluka bwanji.

Bambo a ku Area 47: Zimenezo sindiwerengera, chifukwa ine ndili ndi Wi-Fi.

Aphunzitsi a ku Area 18: Mukaidawunilodera pafoni n'kusankha zithunzi zapakatikati, gigabaiti imodzi ikukwanirani, mayi.

Bambo a ku Kawale: Ine sindikugwirizana nazo, mugule awiri kuti musadzakhumudwe pakati panjira ngati ine.