Foni yosakalika msanga ndi iti, ya galasi kapena ya pulasitiki?

Abale anga, ndigawireniko nzeru. Ndine mmisiri womanga nyumba, ndiye foni yanga imagona m'thumba limodzi ndi makiyi komanso timchenga. Yomwe ndili nayoyi ili ndi galasi kumbuyo. Miyezi 5 yokha yakalikakalika kale, ndipo dzulo itagwera pa simenti pakona pang'aluka ngati ukonde wa kangaude.

Mnzanga akuti makiyi ndikungowanamizira, wolakwa ndi mchenga, chifukwa ndi wolimba kuposa galasi, ngakhale lolimba la mafoni lotchedwa Gorilla Glass. Ndiye ndigule ya pulasitiki, yokalika koma yosasweka chisawawa? Za iPhone 15 Pro ya chitsulo cha titanium m'mbali musanene, thumba langa silifikako, komanso kumbuyo kwake n'galasi lomwelo.

Inu amene mumagwira ntchito pafumbi, muli ndi foni yanji, nanga kava yake njotani?